Chigubu cha ku Namiwawa

Lolemba

Abambo abwera kuchokera ku ntchito m'mawa uno atamangirira chigubu cha malita asanu pa kaliyala ya njinga. Amalonda usiku pa nyumba ina ku Namiwawa. Chigubucho n'choyera, chilibe pepala, chilibe chilembo ngakhale chimodzi. M'kati muli zamadzimadzi zachikasu pang'ono, zolemera, zoyenda mwaulesi ukachipendeketsa.

Abambo akuti: "Zachokera kwa abwana." Basi. Alowa kukagona.

Amayi anunkhiza kamodzi n'kulengeza kuti ndi mafuta ophikira. Ndafunsa chifukwa chake ali okhuthala chonchi. "Mafuta a anthu olemera sakhala amadzimadzi ngati athuwa."

Vuto ndi ili. Lamulungu likubwerali mphakati wa tchalitchi ukukumana kwathu, koyamba chisamukireni kuno ku Kanjedza. Azimayi odzaza pabalaza, azibambo angapo, ana osawerengeka, kuphatikizapo Tadala wathu wa zaka zisanu ndi chimodzi, yemwe amadya chilichonse chimene sichikuthawa. Amayi akufuna kukazinga mandasi ndi mafuta amenewa. Akuti Mulungu wayankha.

Ine sindikutsutsa kuti Mulungu amayankha. Ndikungofuna kudziwa kuti wayankha chiyani.

Ku laibulale ya kusukulu kuli buku la Kemisitiri lopanda chikuto, lomwe ndimaligwira ndekha. Chakumapeto kwake kuli chithunzi cha makina otchedwa mass spectrometer. Mutuwo ndauwerenga katatu pa buleki. Mmene ndamvera ndi chonchi: umaikamo kadontho, makinawo amakasandutsa nthunzi, kenako amawomba mamolekyulu ndi maelekitironi mpaka kuwaphwanya zidutswazidutswa. Zidutswazo zimathamangitsidwa kudutsa pa maginito, maginitowo n'kuzikhotetsa. Zopepuka zimakhota msanga ngati njinga ya kabaza pa raundabauti, zolemera zimakhota motalikira ngati lole ya simenti. Pamapeto pamatuluka pepala la mizere yoimirira, mzere uliwonse kulemera kwa chidutswa chake. Chinthu chilichonse chimaphwanyika mwa njira yakeyake. Ukaona zidutswa, wadziwa dzina.

Palibe kunamizana! Palibe zoti "ndikuona ngati"!

Dongosolo:
1. Kupeza kabotolo koyera
2. Kutapa mafuta pang'ono
3. Kupeza makina
4. Kubwera ndi pepala lisanafike Loweruka
5. Kuliika patebulo mwaulemu, osanena kuti ndinanena

Masiku asanu ndi limodzi. Akwana n'kutsala.

Lachiwiri

Kabotolo koyera m'nyumba muno mulibe. Bukulo likuti makinawa amamva ngakhale kachinthu kochepetsetsa, ndiye botolo liyenera kukhala loti silinasungepo kanthu. Amene analemba bukuli sanafikepo kwathu. Kuno botolo silitayidwa, limangosintha ntchito.

Zimene ndapeza:
- la jamu: linasungapo shuga, kenako misomali, panopa muli tsabola wa abambo
- la mafuta odzola: muli mabatani ndi dzino la Tadala
- la madzi odalitsidwa: amayi akuti ndikangolikhudza ndiona
- ka mankhwala a chifuwa: kanasungapo palafini, kenako singano

Ndasankha ka chifuwa. Ndakatsuka katatu ndi sopo, ndakayanika padenga la bafa. Pobwera kusukulu ndapeza Tadala waikamo chiwala. Akuti chimafuna nyumba. Ndatsukanso.

Kusukulu ndafunsa aphunzitsi athu a Kemisitiri ngati tili nawo makinawa. Aseka mpaka kupukuta magalasi. "Mu labu yathu ino mpopi wake sutuluka madzi. Iwe zimenezo n'za ku yunivesite. Homuweki ija wamaliza?"

Sindinamalize.

Koma madzulo kwaoneka kuwala. Malume Fostino, mlongo wawo wa amayi, amatsuka mabotolo ndi kukolopa pa labu ina ku Makata, yomwe imayeza zakudya zotumiza kunja. Ndawaimbira pa foni ya amayi. Ndawafotokozera za maginito ndi maelekitironi. Akuti zimenezo sakuzidziwa, koma kuli chibokosi chotuwa chomwe chimalira ngati firiji usana ndi usiku, chili ndi chipinda chakechake chozizira, ndipo anawaletsa kuchipukuta. Ndi chomwecho! Sichingakhale china!

Kunyumba kuno kafukufuku wayamba popanda ine. Amayi adonthezera pa mbaula: ayaka. Apaka pa dzanja: sakuwotcha. Abambo apaka tcheni cha njinga: chasiya kulira. Aliyense wapeza umboni wa zimene amakhulupirira kale.

Lachitatu

Tsiku loipa.

Ndatuluka kusukulu mwachangu, minibasi mpaka m'tauni, kenako wapansi mpaka ku Makata. Fumbi, malole, fungo la chinachake chopsa. Mafakitale onse mageti ake ndi ofanana. Ndasochera kawiri.

Mlonda wa pa geti ndi munthu wabwino koma wa malamulo. "Mwana wasukulu salowa popanda kalata ya ahedi. Yodinda." Ndanena kuti a Fostino ndi malume anga. "A Fostino atumidwa ku Limbe. Ndipo ngakhale akanakhalapo, a Fostino si kalata."

Ndaima pamenepo mwina theka la ola, kuyang'ana mawindo, kuyesa kumva ngati chibokosicho chikulira. Kumangomveka jenereta ya fakitale yoyandikana.

M'minibasi pobwerera kondakitala watikhazika anayi pa mpando wa atatu, chikwama pamiyendo, mayi wina n'kusanjikapo dengu la tomato. Kufika kunyumba, kabotolo kapendekeka, chivindikiro chalekerera. Mafuta onse ali mu kope la Kemisitiri. Masamba asanduka ngati galasi: ukuwerenga tsamba limodzi n'kumaona atatu nthawi yomweyo. Manotsi a temu yonse!

Zotsatira za lero: mafutawa amalowerera pepala. Izi ndinazidziwa kale ndili Sitandade 4, pa pepala la chipisi.

Ndiye chachikulu. Abambo akuvala nsapato kuti azipita ku ntchito, ine ndakhala pakhonde. Ndafunsa mwaulemu kuti bwanji osangowafunsa abwanawo kuti m'chigubumu muli chiyani. Amaliza kaye kumanga zingwe. Kenako motsitsa mawu, akuyang'ana kukhitchini: "Sanachite kundipatsa m'manja. Adona amakonza m'sitolo, zinthu anaziunjika pa geti kuti zikatayidwe. Ukufuna ndikaime pamaso pawo ndinene kuti bwana, ndatola m'zinyalala mwanu, kodi n'zodyedwa?"

Ndipo: "Amako asamve."

Choncho panopa ndikudziwa zinthu ziwiri zimene amayi sakuzidziwa: kumene chigubu chinachokera, ndi zoti abambo nawonso sakudziwa zili m'katimo. Ndipo zonse sizikundithandiza kugona.

Lachinayi

Kalata ndalemba ndekha m'Chingerezi chabwino kwambiri. Ahedi aiwerenga ataimirira, afunsa ngati sukulu ilipira kanthu, ndati ayi, asaina. Chidindo chili m'kabati. Kiyi wa kabati ali ndi akalaliki. Akalaliki ali ku maliro ku Thyolo, abwera Lolemba.

Lolemba!

Palibe yemwe ndamuuza kusukulu za nkhaniyi. Palibenso woti ndimuuze. Pa buleki ndakhala kuseri kwa laibulale, ndikukopera manambala m'buku muja. Ngati mafutawa ndi a galimoto kapena a makina, pepala lidzaonetsa mizere pa 43, 57, 71, 85, kukwera ndi 14 nthawi iliyonse ngati masitepe. Ndaloweza. Ndikudziwa kuwerenga yankho, chikusowa ndi yankholo.

Kunyumba nkhani yafika kwa aneba athu, amake Yusufu. Amuna awo amayendetsa minibasi ya Limbe–Bangwe, iwo amapanga sopo wa m'nyumba. Abwera ndi kapu, atapa. "Aneba, mafuta a mbewu ukawaphika ndi kositiki amagwirana n'kukhala sopo. A galimoto amangoyandama. Tiona Loweruka." Ndakayang'ana m'buku. N'zoona. Zandipweteka pang'ono kuti n'zoona.

Amayi nawo apanga zawo. Anyika chidutswa cha buledi m'mafutamo, aponyera galu wachikasu amene amagona pa mulu wa njerwa kuseri kwathu. Wameza osatafuna. Amuyang'ana mphindi zisanu. "Wafa?" Sanafe. "Basi."

Ndayesa kufotokoza kuti galu mmodzi si umboni, pamafunika galu wina woti sanadye kuti tiyerekeze. Amayi akuti ngati ndili ndi buledi wodyetsa agalu onse a mu Kanjedza ndiwauze.

Omwe atapako pofika lero:
- amayi (mbaula, dzanja, galu)
- abambo (tcheni, nsapato, mahinjesi a chitseko)
- amake Yusufu (kapu yathunthu)
- ine (kope)

Chitseko chasiyadi kulira. Sindikudziwa kuti ndisangalale kapena ndiope.

Lachisanu

Galu sanaoneke m'mawa. Amayi akuti ndi woyendayenda.

Malume andiuza kuti ndifike nthawi ya nkhomaliro, mlonda akapita kukagula chipisi. Ndathawa maphunziro awiri omaliza, koyamba m'moyo wanga. Andilowetsa pa kageti ka kuseri kotulutsira zinyalala, andiveka chijasi choyera chofika m'maondo, andiuza kuti ndisakhudze kanthu, ndisayetsemule.

Makina aja ndawaona.

Ndi aang'ono kuposa mmene ndimaganizira. Mabokosi awiri otuwa ogundizana, kompyuta pambali, mapaipi opyapyala ochokera ku chisilinda chachitali chomangidwa ndi tcheni kukhoma. Pamwamba pake wina wayalapo kansalu. Chipindacho n'chozizira ngati Juni. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula.

Sakulira.

Amene amawayendetsa ndi a Namaona, mayi wamfupi wa magalasi, anali akudya chinangwa pakhomo. Malume andionetsa kwa iwo mwamanyazi. Ndatulutsa kabotolo, ulendo uno nditakakulunga m'mapulasitiki atatu. Ndafotokoza zonse, mpaka 43 ndi 57. Andimvetsera mpaka kumapeto, osaseka. Palibe munthu wamkulu anandimvetserapo mpaka kumapeto.

Kenako andiuza izi, chimodzichimodzi, akuwerenga pa zala:
- mpweya wa heliyamu umene umakankha nthunzi m'makinamo unatha, wina akuudikira kuchokera kunja
- m'kati mwa makinamo muyenera kukhala mopanda mpweya ngakhale pang'ono, ndiye magetsi akangothima, kupopanso kumadya tsiku
- mafuta saikidwamo chonchi, amayamba aphikidwa ndi mankhwala kuti mamolekyulu ake achepe, apo ayi amatseka kapaipi
- patsogolo panga pali mashelefu awiri a mtedza ndi tiyi
- kabotolo kanga akanunkhiza kamodzi: "Munali palafini umu."

Ndinatsuka kasanu ndi kamodzi!

Akuti makinawo akanandiuza za palafini, za sopo, za mankhwala a chifuwa, mwina ndi za chala changa, ndipo ine ndikanathamangira kunyumba kukanena kuti mafutawo ndi poizoni pamene poizoniyo ndi botolo. Atenga kabotolo kawo kagalasi, kakang'ono ngati chala, katsopano, andipatsa. "Udzabwere nako. Zikayenda bwino, masabata atatu."

Ndati mandasi ndi a mkucha.

Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwanawe, chinthu chopanda dzina sichidyedwa. Ukawauze amako choncho. Ndipo bwanji osangowafunsa eni ake? Ifenso kuno timayamba ndi kufunsa."

Ndati n'zovuta. Sanafunse zambiri. Andigawira chinangwa.

Pobwerera ndakumana ndi galu uja pa mulu wa njerwa. Ali moyo. Waonda nkhope. Wandiyang'ana ngati tinakanganapo.

Loweruka

Ndawauza amayi mawu a a Namaona ndendende. Ayankha akusefa ufa wa tirigu, osatembenuka: "Mayi ameneyo abwera kudzalandira alendo anga?"

Ufa wagulidwa. Yisiti wagulidwa. Shuga. Ndipo Lamulungu lapitali, asanaone n'komwe chigubu, anali atauza kale azimayi onse kuti kwathu kukakhala mandasi. Kunyumba kwa amayi a tcheya a mphakati mwezi watha kunali masikono ndi majarini. Izi azinena katatu lero. Sizikukhudza kemisitiri koma zikuoneka kuti ndiye nkhani yeniyeni.

Cha m'ma 10 amake Yusufu alowa atanyamula mbale ngati mphatso ya ukwati. Sopo wagwirana. Ndi wofewa, womata, koma akuchita thovu. Amayi aombera m'manja. "Wamva, asayansi? A mbewu!"

Ndati mbewu zilipo zambiri. Ndati fodya nayenso ndi mbewu. Andituma kukatunga madzi.

Masana ndabisa chigubu pansi pa bedi langa, kuseri kwa sutikesi. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Amayi achipeza ndisanamalize kusamba m'manja.

Ndaganiza zochikhuthulira m'ngalande. Ndachinyamula mpaka pakhomo. Kenako ndaona amayi akutsuka makapu obwereka, imodziimodzi, akuwayang'anitsa padzuwa, akuyimba chapansipansi. Chisamukireni kuno sindinawamvepo akuyimba. Ndachibweza.

Ndaganiza zowauza za pa geti paja. Ndiye kuti abambo ndawagulitsa, ndipo amayi adzati zotayidwa za ku Namiwawa n'zabwino kuposa zogula za ku Limbe, chimene nthawi zambiri n'choona.

Abambo akutulutsa njinga. Ndawatsatira mpaka pa msewu. Ndati sikofunika abwana, pali akhuki awo, angofunsa akhukiwo, ngati nkhani wamba. Ndati Tadala adzadya. Akwera, apalasa. Tcheni chili zii.

Dongosolo la Lolemba lija ndaliyang'ananso. Pa zisanu, chimene chayenda bwinobwino ndi nambala 2 yokha, kawiri.

Lamulungu

5:30. Amayi ayamba kukazinga. Fungo si loipa kwenikweni, koma si la mandasi. Likukanda pakhosi. Amayi akuti ndi mbaula.

6:00. Oyamba aphulidwa. Maonekedwe ake ndi abwino, ofiirira, onyezimira kuposa masiku onse. Tadala wadzuka, watambasula dzanja. Ndamugwira. Ndauza amayi kuti ndiyamba ndine, ndipo wina aliyense asadye mpaka tibwere ku Misa. Ndimayembekeza kukalipiridwa. Andiyang'ana, ayang'ana Tadala, ayang'ana chigubu. Andipatsa mbale.

Limodzi silingakhale umboni. Ndadya anayi.

Kukoma: ngati mandasi okulungidwa m'kandulo.

6:30. Palibe.

6:50. Palibe. Mtima ukugunda, koma ndikuganiza kuti ndi mantha.

7:15. Abambo afika. Sanatsike n'komwe bwinobwino panjinga. "Musadye! Ndafunsa akhuki. Ndi mafuta a nsatsi. Adona ankadzola kumutu, anasiya."

Akuti akhukiwo ayankha akupukuta mbale, osadabwa n'komwe, n'kuwafunsa ngati akufunanso china, chifukwa zigubuzo zinali ziwiri. Funso limodzi. Silinathe ngakhale mphindi.

Amayi akhala pansi pa mpando wa mbaula. Abambo afunsa ngati alipo wadya. Onse atatu atembenukira kwa ine.

Amake Yusufu, atamva phokoso, asuzumira pa mpanda. "Angati?" Anayi. "Ayi safa. Koma ku tchalitchi asapite."

8:40. Zayamba.

9:10. Kachiwiri.

9:35. Ndasiya kulemba nthawi.

Ena onse apita ku Misa. Mandasi onse amayi awakwirira kuseri, mozama, kuti galu asafukule. Galuyo amaonerera patali, sanayese n'komwe kuyandikira.

Masana. Mphakati wafika. Kuli tiyi ndi mbatata yophika imene amake Yusufu abweretsa mumphika wawo, atabisa ndi chitenje, polowera kuseri. Ine ndikumvera zonse ndili kuno, chifukwa chimbudzi chathu chili pafupi ndi windo la pabalaza. Kope lili pa maondo.

Ndimadikira kumva amayi akupepesa. M'malo mwake ndikumva akufotokoza nkhani yonse, akuwonjezera ndi zina zimene sizinachitike, azimayi akuseka mpaka kutsokomola. Mu nkhani yawoyo iwo ndi amene anakayikira mafutawo kuyambira Lolemba. Amayi a tcheya akuti mafuta a nsatsi ndi abwino pa tsitsi la m'mbalimu, kodi angapungulireko? Panopa aliyense akufuna. Tadala watumidwa kukakhuthula tsabola ndi mabatani m'mabotolo muja.

Wina wafunsa kuti mnyamata wanu uja ali kuti. Amayi: "Akuwerenga. Ndi wa sayansi ameneyo."

Andipempherera pa mapemphero a odwala, pakati pa agogo ena a shuga ndi mwana wothyoka mkono. Ndayankha amen ndili momwemuno.

Miyendo yachita dzanzi. Mawa kuli mayeso a Kemisitiri ndipo manotsi anga akuoneka masamba atatu nthawi imodzi. Wina akugogoda. Amayi, monong'ona, pa mng'alu wa chitseko: "Iwe, ungapirireko pang'ono panja? Amayi a tcheya akufuna kulowa."

Ndikutuluka. Ndiima pafupi.